Kodi n'cilungamo kulipira kafukufuku wa zaulimi pamene njala ili pakhomo?

Caka cikakhala coipa, monga cinalili caka ca 2024 pamene mvula inadula cimanga cili pakati, nkhokwe zambiri za kuno ku Milange zimatha mvula ina isanagwe. Komabe mukalowa m'khichini mwa mayi wodziwa ulimi, mupeza ngala zingapo za cimanga zitapacikidwa padenga, pamene utsi umafika kuti anankafumbwe asaziboole. Mwana akalira ndi njala, n'kuloza ngala zija, mayi amakana. Amapita kukagwira ganyu, amaphika cinangwa kapena mango aawisi, koma ngalazo sazikhudza. Palibe munthu m'mudzi amene amanena kuti mayi ameneyu ndi wouma mtima. Tonse timadziwa kuti imeneyo ndi mbewu, ndipo banja limene ladya mbewu lakhuta tsiku limodzi n'kuitana njala ya caka cathunthu.

Boma nalonso lili ndi ngala zake zopacika pautsi, kungoti zake ndi ndalama. Pa ndalama zimene zimaikidwa pa ulimi, zina zimagula feteleza ndi cakudya cogawira ovutika, ndipo zimaoneka ndi maso tsiku lomwelo. Zina zimapita kwa akatswiri ofufuza mbewu, nthaka ndi matenda a mbewu, komanso ku sukulu zophunzitsa alangizi a zaulimi. Zimenezi sizioneka msanga. Zimatha kutenga zaka 8 kapena 10 cipatso cake cisanafike pa mbale ya munthu, ndipo zina sizibala n'komwe. Funso limene ndikufuna kuti tiliganizire pamodzi, abale anga, ndi ili: kodi n'cilungamo kutenga ndalama zimene zikanadyetsa wanjala lero, n'kuzipereka kwa munthu amene akuyeza mbatata ku Maputo kapena ku Nampula? Ndipo ngati n'cilungamo, woyenera kulipira ndani?

Tiyambe ndi amene amakana, pakuti mawu awo ali ndi nzeru. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Mayi wamasiye wa ku Majaua kapena ku Mongue akhoza kunena kuti: "Mwana wanga ali ndi njala caka cino. Mbewu yanu yabwinoyo ikadzafika, iye adzakhala atapinimbira kale. Mukundiuza kuti ndidikire cifukwa ca ana amene sanabadwe, nanga wobadwa kaleyu walakwanji?" Akhozanso kuwonjeza kuti mbewu ya m'khichini amaiona ndi maso ake, amadziwa amene anaipacika ndi amene adzaibzala, pamene ndalama za kafukufuku sadziwa kumene zimalowa. Amangoona magalimoto oyera akudutsa pa msewu wa ku Mocuba, ndi zikwangwani za mapulojekiti zimene zimatsala zikucita dzimbiri eni ake atapita. Munthu wotere sitingamuyankhe ndi mawu okoma okha. Tiyenera kumuonetsa cinthu cimene cinafika m'munda mwake.

Cinthu cimodzi coterec cilipo, ndipo ambiri a ife tinacidya: mbatata yofiira mkati. Kale mbatata imene tinkalima inali yoyera kapena yacikasu pang'ono mkati. Inkakhutitsa, koma inalibe vitamini A wokwanira, amene amateteza maso a mwana ndi kulimbitsa thupi lake polimbana ndi matenda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ana aang'ono pafupifupi 7 mwa 10 alionse m'Moçambique anali operewera vitamini ameneyu. Pakati pa 2006 ndi 2009, bungwe la HarvestPlus pamodzi ndi World Vision ndi Helen Keller International linagawa kholowa wa mbatata yofiira m'maboma anayi a m'Zambézia: Milange, Gurué, Mopeia ndi Nicoadala. Sanangogawa n'kucoka. Anaphunzitsa alimi kabzalidwe, anaphunzitsa amayi kaphikidwe ka phala la ana, ndipo ofufuza ankabwera kudzafunsa zimene mabanja akudya. Anapeza kuti ana ndi amayi a m'midzi imene inalandira mbewuyo anayamba kupeza vitamini A woculuka kwambiri kuposa a m'midzi imene sinalandire.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene imatiphunzitsa zambiri. Mitundu yoyamba ya mbatata yofiira inacokera kunja. Wodziwika kwambiri unali wochedwa Resisto, wocokera ku America. Unali wokoma, ana ankaukonda, koma kholowa wake sankapirira dzuwa la cilimwe cathu. Mlimi wopanda dimba ankapeza kuti pofika nyengo yobzala mbewu yake yauma, ndipo ankabwerera ku mbatata yake yakale. Akanakhala kuti ndalama zinathera pamenepo, bwenzi lero tikunena kuti mbatata yofiira inali nkhambakamwa ya azungu. Cimene cinapulumutsa nchitoyi n'cakuti panali anthu amene analipiridwa kuti apitirize. Mayi Maria Andrade, katswiri wocokera ku Cabo Verde amene anayamba kugwira nchito m'Moçambique mu 1996, pamodzi ndi anzake a ku International Potato Center ndi a bungwe la boma lofufuza zaulimi la IIAM, anayamba kukwatitsa mbatata yofiira ndi mitundu yopirira cilala.

Nchito imeneyi ndi yofuna kudekha. Wofufuza amatenga ufa wa duwa la mbatata ina n'kuuika pa duwa la ina. Duwalo limabala njere, ndipo njere iliyonse imamera mbatata yosiyana ndi inzake, monga mmene ana a mimba imodzi amasiyanirana nkhope. Amabzala njere zikwizikwi, n'kutaya pafupifupi zonse: iyi cifukwa siibereka, iyo cifukwa ndi yamadzimadzi, inayo cifukwa imagwidwa matenda. Zotsalazo amakaziyesa m'madera osiyana nthaka ndi mvula, alimi n'kulawa ndi kunena maganizo awo. Kale nchito yotere inkatenga zaka 8. Iwo anapeza njira yoifupikitsa kufika zaka 4. Mu 2011 dziko la Moçambique linavomereza mitundu 15 yatsopano yopirira cilala, ina mwa iyo ndi Irene, Delvia, Sumaia ndi Namanga. Mu 2016 Mayi Andrade, pamodzi ndi Jan Low, Robert Mwanga ndi Howarth Bouis, analandira mphoto yaikulu ya World Food Prize.

Taonani tsopano mmene nkhaniyi ikuyankhira mayi wamasiye uja. Mwana amene akudya phala la mbatata yofiira lero anali asanabadwe pamene ndalama zoyamba zinkaperekedwa. Pa nthawi imeneyo analiponso anthu anjala, ndipo wina akanatha kunena kuti ndalamazo zigule ufa. Ufawo ukanatha mwezi womwewo. Ife amene tili moyo lero tikudya za mbewu imene ena anakana kudya. Ngati tinalandira motero kucokera kwa amene anatitsogolera, kodi tili ndi ufulu wotani wokana kusungira amene akubwera? Mwana wosabadwa sangabwere ku msonkhano wa mfumu kudzadandaula, sangavote, sangalire kuti timumve. N'cifukwa cake n'kosavuta kumubera, ndipo n'cifukwa cake munthu wacilungamo ayenera kumuyankhulira.

Sindikunena kuti mbewu siidyedwa zivute zitani. Namondwe Freddy atagwa mu Malici 2023, n'kukokolola minda ndi nyumba kuno ku Milange, ku Mulanje ndi ku Phalombe, cofunika tsiku limenelo cinali cakudya, pogona ndi mankhwala. Munthu amene akanaima pamaso pa ovutikawo n'kumalalikira za kafukufuku akanakhala wopanda umunthu. Moyo umene uli pangozi lero ndiwo woyamba. Koma vuto lathu n'lakuti caka ciliconse cimakhala ndi ngozi yake: 2017 mbozi za nchembere zandonda zinalowa m'cimanga, 2022 kunali namondwe Ana, 2023 Freddy, 2024 cilala. Tikati tidzasunga mbewu caka cimene kudzakhale kopanda mavuto, sitidzasunga mpaka kalekale. Ndiponso mavuto omwewa ndiwo akufuna nzeru zatsopano. Mvula imene agogo athu ankaidziwa masiku ake siikusunganso pangano. Mbozi ija inacokera ku America, makolo athu sanaionepo, conco sakanatisiyira mankhwala ake. Pamafunika munthu wokhala pansi n'kuiphunzira.

Tikavomereza kuti kusunga mbewu imeneyi n'koyenera, funso laciwiri ndilo lovuta kwambiri: asunge ndani? Mu Julayi 2003 atsogoleri a maiko a mu Africa anakumana ku Maputo, likulu lathu lomwe, n'kulonjeza kuti dziko lililonse lidzaika magawo 10 pa 100 alionse a ndalama za boma pa ulimi. Anabwerezanso lonjezolo ku Malabo mu 2014. Maiko amene akwanitsa ndi owerengeka. Ndipo pa zocepa zimene zimaperekedwazo, kafukufuku ndi maphunziro ndiwo amalandira zotsalira, cifukwa thumba la feteleza limajambulika pa cithunzi nthawi ya kampeni, pamene munda woyeserera mbewu suombetsa m'manja. Cotsatira cake n'cakuti nchito yaikulu yofufuza mbewu zathu yakhala ikuyenda ndi ndalama za maiko ndi mabungwe akunja. Nchito ya mbatata ija inali yotero.

Tiyenera kuthokoza alendo amene anatithandiza. Koma mu 2025 tinaona kuopsa kwa kudalira iwo okha. Boma la America litatseka bungwe lake la USAID, nchito zambiri zofufuza ndi kuphunzitsa zaulimi m'maiko a mu Africa zinaima mwadzidzidzi. Kafukufuku sali ngati kumanga nyumba, kumene ukhoza kusiya khoma pakati n'kudzapitiriza caka camawa. Mbatata ndi cinangwa zimasungidwa zamoyo. Munda woyeserera ukasowa woupalira nyengo imodzi, nchito ya zaka zisanu imafera pomwepo. Katswiri akasowa malipiro amapita kukafuna nchito ina, ndipo zimene zinali m'mutu mwake zimapita naye. Sitingamuimbe mlandu mlendo cifukwa cosintha maganizo pa ndalama zake. Banja limene caka ndi caka limapempha mbewu kwa mnansi silingakwiye tsiku limene mnansiyo wakana. Mlandu uli kwa mwini munda.

Citsanzo ca eni munda amene anamvetsa zimenezi cili pafupi, kungowoloka Muloza. Ku Mimosa, m'boma la Mulanje, kuli malo ofufuzira tiyi a bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1966. Eni minda ya tiyi amasonkha ndalama zoyendetsera malowa, ndipo mitundu ya tiyi imene inatuluka kumeneko ndiyo yadzaza minda yambiri imene timaiona tikamapita ku Limbuli ndi ku Mulanje. Anthu amenewa ndi amalonda, saponya ndalama pacabe. Anaona kuti amene amalipira wofufuza ndiye amamuuza coti afufuze. Apa pali phunziro lowawa kwa ife. Tiyi, amene amalimidwa ndi makampani, ali ndi akatswiri ake okhazikika kwa zaka zoposa 50. Nanga nandolo, cinangwa, mapira ndi kalongonda, zimene zimalimidwa ndi amayi a m'midzi, wozilipirira ndani?

Nandolo akutionetsa cifukwa cake funso limeneli lili lofunika. Ofufuza a bungwe la ICRISAT anagwira nchito yabwino yopeza mitundu yopirira matenda ofota komanso yoca msanga. Mu Julayi 2016 nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, inabwera ku Maputo ndipo maiko awiriwa anagwirizana kuti India azigula nandolo wa m'Moçambique. Mtengo unali wabwino, alimi a m'Zambézia anakuza minda. Koma mu 2017 India atakolola nandolo wake wambiri, anacepetsa wogula kunja, ndipo mtengo unagwa mpaka alimi ena anaona kuti kukolola n'kutaya mphamvu. Mbewu inali yabwino, mlimi anagwira nchito yake, koma funso lake lenileni linali lisanayankhidwe: ndikakolola ndigulitsa kwa yani, ndisunga bwanji osafumbwa kufikira mtengo utakwera, ndingamusandutse ciyani kuti ndisadalire wogula mmodzi wa kutsidya kwa nyanja? Mafunso amenewa nawonso ndi a kafukufuku. Koma amafunsidwa pokhapokha mlimi akhale ndi mpando pamene ndalama zikugawidwa.

Conco ndalama ya kafukufuku imakhala yacilungamo ngati ikuyankha funso la munthu amene anamanidwa ufa kuti ndalamayo ipezeke. Ngati yatengedwa m'dzina la wosauka n'kukafufuza zokomera olemera okha, kapena n'kuthera m'misonkhano ya m'mahotela, imeneyo si mbewu yosungidwa. Ndi mbewu imene wina wadya mobisa. Mayi wamasiye uja ali ndi ufulu wofunsa kuti ngala zake zili kuti.

Palinso cinthu cina. Mbewu ingakhale yabwino cotani, ikakhala padenga osatsitsidwa siipindula. Nzeru zimene zili ku malo ofufuzira sizidziyendera zokha kufika ku Liciro kapena ku Coromana. Zimafuna munthu wozinyamula, ndiye mlangizi. Apa ndi pamene ndalama za maphunziro zimalowa. Ku Mocuba kuli sukulu ya ukacenjede ya zaulimi ndi nkhalango ya Universidade Zambeze. Kutsidya, anzathu ali ndi Bunda ku Lilongwe. Mwana wa kuno akaphunzira kumeneko n'kubwerera, amabwera ndi cinthu cimene mlendo sangakhale naco. Amadziwa kuti nthaka ya m'munsi mwa phiri la Tumbine ndi yosiyana ndi ya kumadambo. Amayankhula Cinyanja ndi Cilomwe, conco agogo akhoza kumutsutsa momasuka, zimene sangacite ndi munthu woyankhula Cipwitikizi cokha kudzera mwa womasulira. Kulipirira mwana wotere sukulu, ndi kumupatsa njinga yamoto, mafuta ndi malipiro oti akhale nawo kumudzi osathawira ku Quelimane, ndi mbali ya nchito yomweyo. Boma likalipira wofufuza n'kuiwala mlangizi, lafanana ndi munthu wokumba citsime n'kusagula cingwe.

Ndipo mlangizi wabwino sanyamula katundu ulendo wopita wokha. Amabwereranso ndi nzeru za alimi, pakuti alimi nawo ndi ofufuza. Nandolo amene timamucha mthawajuni, cifukwa amaca kuzizira kwa Juni kusanamugwire, anafalikira m'midzi ya mbali zonse ziwiri za malire kudzera m'manja mwa alimi, wina kupatsa mnzake. Akuluakulu akukumbukira za nkhondo, pamene tauni ya Milange inalandidwa mu 1986 ndipo anthu miyandamiyanda anathawira ku Malawi. Mtendere utabwera mu 1992, anthu anabwerera ku minda imene inali itasanduka chire, nkhokwe zitapsa. Thandizo la mabungwe linalipo, koma mbewu zambiri zimene zinadzutsa minda yathu zinabwera m'timatumba ndi pamitu ya amayi, zopemphedwa kwa acibale a kutsidya. Amayi amenewa ankadziwa mtundu wa cinangwa woyenera dothi lakuti, ndi nyemba yoyenera kubzala m'cimanga. Kafukufuku amene amanyoza nzeru zimenezi amataya theka la cuma cake.

Tsono ife a m'midzi ticitepo ciyani, poti ndalama za boma sizigawidwa pabwalo la mfumu? Coyamba, tili ndi pakamwa. Akabwera ofuna mavoti, kapena tikaitanidwa ku misonkhano ya boma la Milange, tisamangopempha feteleza ndi malata. Tifunsenso kuti alangizi alipo angati m'dera lathu, anafika liti komaliza, ndipo mbewu zatsopano zikuyesedwa kuti. Wandale amapereka cimene anthu akufunsa. Ngati palibe wofunsa za kafukufuku, sadzamuika m'ndondomeko yake. Caciwiri, tili ndi minda. Gulu la alimi likhoza kupatula kamunda kakang'ono, kubzala mitundu itatu ya nandolo kapena ya mbatata moyandikana, ndi kupempha mwana wa sukulu kuti azilemba m'kope tsiku lobzala, tsiku la maluwa ndi kuculuka kwa zokolola. Ameneyo ndi kafukufuku weniweni, ndipo wofufuza wa ku IIAM akadzafika adzapeza anthu okambirana nawo, osati ongolandira. Cacitatu, tili ndi ana. Makolo ambiri timauza mwana kuti alimbikire sukulu kuti athawe khasu. Mwana akasankha maphunziro a zaulimi timaona ngati walephera udokotala. Tikapitiriza motero, ngakhale ndalama zitapezeka, wozigwiritsa nchito adzakhala wocokera kutali. Magulu a alimi ndi mipingo amasonkherana pa maliro ndi pa ukwati. Kusonkherana kuti mwana mmodzi wa m'mudzi akamalize maphunziro a zaulimi si cinthu cosatheka.

Mayi wamasiye uja ndingamuyankhe motere. Mayi, mwana wanu adye lero. Zimenezo boma ndi ife anansi anu tisazembe. Koma pa ndalama za dziko, gawo lina lipatulidwe ndipo lisakhudzidwe, monga mmene inu simukhudzira ngala za padenga. Gawolo licokere m'thumba lathu, alendo azingowonjezera. Inu mukhale ndi mawu pa zimene lifufuze, ndipo zotsatira zake zibwerere kwa inu m'cinenero canu, ndi munthu amene mungamufunse mafunso. Zikatero, kudikira kwanu kuli ndi malipiro. Zikapanda kutero, kudandaula kwanu n'koona, ndipo musaleke kufunsa mpaka akuyankheni.